MSANA WANU NDIWO KHASU LANU: Kuchira mukavulala pa mpira ndi kukonzekera opaleshoni ya msana yocheka pang'ono

Kwa inu abambo ndi amayi amene mumagwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale a ku Kwekwe, Redcliff, Shurugwi ndi Zvishavane, makamaka inu a ku Amaveni, Mbizo ndi Torwood.

M'matauni a migodi a m'chigawo cha Midlands, mpira ndi mgodi zakhala zikuyendera limodzi kuyambira kale. Makolo athu amene anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kudzagwira ntchito ku Globe and Phoenix, mgodi wa golide umene unayamba m'zaka za m'ma 1890, ankati akaweruka amakapumira ku gule ndi ku bwalo la mpira. Ambiri a inu mukukumbukira timu ya Lancashire Steel ikusewera pa Baghdad, Ziscosteel pa Torwood ndi Shabanie Mine pa Maglas. M'chaka cha 2017 timu ya FC Platinum ya ku Zvishavane inatenga ligi ya dziko lino koyamba. Mpaka lero, Lamlungu likafika, mabwalo a ku Amaveni amadzaza ndi abambo othamangitsa chikopa.

Masewera ndi abwino. Amalimbitsa mtima, amachepetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo amachotsa nkhawa. Koma thupi limene mwavulaza Lamlungu ndi lomwelo limene mutsikire nalo pansi Lolemba. Wosewera mu ligi yaikulu ali ndi dokotala wa timu. Inu muli ndi shifiti, lendi ndi fizi ya ana. Nkhani ino ikuthandizani kudziwa zoyenera kuchita mukavulala, nthawi yothamangira ku chipatala, ndi mmene mungakonzekerere ngati dokotala wanena kuti msana wanu ukufunika opaleshoni.

Masiku atatu oyambirira mukavulala

Kuvulala kofala pa mpira ndi kubinya kakolo, kupotokola bondo ndi kukokeka kwa minofu ya kumbuyo kwa ntchafu. Zikatere chitani izi:

1. Tulukani m'bwalo. Kukakamira kuti mumalize mpira kumang'ambitsa minofu imene inangokokeka pang'ono.
2. Ikani madzi oundana okulunga m'kansalu pamalo otupa kwa mphindi 15 mpaka 20, maola awiri kapena atatu aliwonse. Musawaike mwachindunji pakhungu. Ngati magetsi azima, nsalu yoviika m'madzi ozizira imathandizako.
3. Mangani bandeji yotamuka, koma osathinitsa. Zala zikachita dzanzi kapena kusintha mtundu, masulani.
4. Pogona kapena pokhala, kwezani mwendo pa pilo kuti ukhale pamwamba kuposa chifuwa.

M'masiku amenewa pewani kuthowa ndi madzi otentha, kusisita mwamphamvu, kumwa mowa ndi kuthamanga, chifukwa zonsezi zimawonjezera kutupa. Musatemere mphini pamalo otupa: lumo limalowetsa tizilombo m'thupi. Pakapita masiku awiri kapena atatu yambani kupinda ndi kuwongola chiwalocho pang'onopang'ono, ndi kuchiponda mmene mungathere. Chiwalo chimene changogonekedwa masabata ambiri chimauma ndi kufooka.

Pitani ku kiliniki kapena ku chipatala cha Kwekwe General tsiku lomwelo ngati mukulephera kuyenda masitepe anayi, ngati chiwalo chapindika modabwitsa, ngati bondo linalira n'kutupa nthawi yomweyo, kapena ngati munagunda mutu n'kukomoka, kusanza kapena kusokonezeka. Amene wagunda mutu asabwererenso m'bwalo tsiku limenelo ndipo asatsike mumgodi asanaonedwe ndi achipatala. Ngati mnzanu wagwa ndipo akudandaula khosi kapena sakumva miyendo, musamudzutse kapena kumunyamula ngati thumba. Mugwireni mutu kuti usagwedezeke ndipo itanani ambulansi.

Samalani ndi mankhwala opha ululu. Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a panado a 500 mg pa tsiku. Mankhwala a ibuprofen ndi diclofenac amamwedwa mutadya, kwa masiku ochepa okha. Angathe kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, makamaka kwa munthu amene amatuluka thukuta kwambiri pansi osamwa madzi okwanira. Ngati muli pa ma ARV, kapena muli ndi shuga, BP kapena vuto la impso, yambani mwafunsa anamwino.

Kodi msana unapangidwa bwanji?

Msana si fupa limodzi. Ndi timafupa tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa, 5 m'chiuno, ndipo pansi pake pali ena omatirirana. Pakati pa timafupati pali timitsamiro tofewa timene madokotala amati madisiki. Disiki ili ngati labala imene amakanika amaika pakati pa zitsulo kuti zisakhulane: kunja ndi yolimba, mkati ndi yofewa ngati phala. Kumbuyo kwa madisiki kumadutsa mitsempha imene imanyamula mauthenga kuchokera ku ubongo kupita ku miyendo, chikhodzodzo ndi matumbo.

Kunja kwa disiki kukang'ambika, zamkati zimatuluka n'kupanikiza mtsempha. Nthawi zambiri izi zimachitika pansi penipeni pa chiuno, pamene pa pepala la dokotala pamalembedwa kuti L4-L5 kapena L5-S1. Ululu wake sukhala pamsana pokha. Umatsika kudzera m'thako, kumbuyo kwa ntchafu, m'katumba mpaka ku phazi, ngati moto kapena magetsi, ndipo umakula mukakhosomola, kuyetsemula kapena kukhala pansi nthawi yaitali.

Kawirikawiri mpira umangomalizitsa ntchito imene inayambika kale. Kuwerama zaka zambiri ndi fosholo, kusenza matumba a miyala m'malo otsika, kugwira jekihama, ndi kugwedezeka kwa tsiku lonse pa makina onyamula miyala, zonsezi zimatopetsa disiki. Fodya nayenso amachepetsa magazi amene amadyetsa msana.

Komabe dziwani kuti ululu wa msana wambiri si wa disiki yophulika. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa m'chiuno, ndipo mwa anthu 10 aliwonse, pafupifupi 9 sapezeka ndi matenda enieni oyambitsa ululuwo. Ululu wotere umachepa ndi kuyenda, masewera olimbitsa thupi ndi kusintha kanyamulidwe ka katundu. Kugona pamphasa sabata yathunthu kumangowonjezera vuto.

Zizindikiro zosafunika kudikira

Thamangirani ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ngati ululu wa msana wabwera ndi chimodzi mwa izi:

- kulephera kukodza, kapena mkodzo ndi chimbudzi kutuluka osadziwa;
- dzanzi kumaliseche, kumatako kapena mkati mwa ntchafu;
- miyendo yonse iwiri kufooka kapena kuchita dzanzi;
- phazi kukwakwa pansi, kapena mwendo kufookerafookera tsiku ndi tsiku.

Izi zikutanthauza kuti mitsempha yapanikizika kwambiri. Opaleshoni ikachedwa ndi masiku ochepa chabe, munthu angathe kulumala kwa moyo wake wonse. Musachite manyazi kuuza namwino za mkodzo kapena za kumaliseche. Mawu amenewo ndi amene amachititsa kuti muonedwe mwachangu.

Pali chinthu china chimene munthu wa mumgodi sayenera kuiwala: chifuwa chachikulu, TB, chimagwiranso mafupa a msana. Fumbi la miyala limene limawononga mapapo, komanso kachilombo ka HIV, zimachititsa kuti TB ikugwireni mosavuta. Ngati msana ukupweteka usiku osaleka, mukuonda, mukutuluka thukuta pogona, thupi likutentha, kapena pamsana patuluka kalinunda, musanene kuti ndi mpira uja. Kayezetseni. TB ya msana imachizika ndi mankhwala ikadziwika msanga.

Kodi ndani amene amafunika opaleshoni?

Anthu ambiri amene disiki yawo yapanikiza mtsempha amapeza bwino pakati pa masabata 6 ndi 12 popanda mpeni, chifukwa thupi limayamwa lokha kachidutswa kamene kanatuluka. Pa nthawiyi chithandizo chake ndi mankhwala, mafizo, kuyenda ndi ntchito zopepuka.

Kafukufuku wina wa ku Netherlands wa m'chaka cha 2007 anatsata odwala 283. Amene anachitidwa opaleshoni msanga, ululu wa mwendo unawathera mofulumira. Koma patatha chaka, magulu onse awiri anali atachira mofanana, ngakhale kuti ena mwa amene anayamba adikira anachitidwabe opaleshoni pambuyo pake. Choncho pamene palibe zizindikiro zoopsa zija, opaleshoni kwenikweni imafulumizitsa kuchira. Dokotala amaiganizira ngati ululu wa mwendo sukutha patapita masabata amenewa, ngati mwendo ukufooka, ndiponso ngati chithunzi chikuonetsa disiki ikupanikiza mtsempha womwewo umene ukukuvutani.

Chithunzi cha X-ray chimaonetsa mafupa okha. Disiki ndi mitsempha zimaoneka pa makina a MRI, ndipo nthawi zambiri mumatumizidwa ku Harare kapena ku Bulawayo. Makinawa ali ndi maginito amphamvu kwambiri. Ngati munagwirapo ntchito yowotcherera kapena yopala zitsulo, ngati kachitsulo kanakulowani m'diso, kapena muli ndi chitsulo chilichonse m'thupi, nenani musanalowe m'chipindamo. Kachitsulo kakang'ono ka m'diso kangathe kusuntha n'kuwononga diso.

Opaleshoni yocheka pang'ono

Opaleshoni yochotsa disiki yophulika inafotokozedwa bwino koyamba m'chaka cha 1934 ndi madokotala awiri a ku Boston, William Mixter ndi Joseph Barr. Nthawi imeneyo ankacheka bala lalitali ndi kukanganula minofu yambiri pa fupa. M'chaka cha 1977 madokotala Gazi Yaşargil ndi Wolfhard Caspar, aliyense payekha, anafotokoza njira yogwiritsa ntchito makina okuza zinthu, ndipo bala linachepa. M'chaka cha 1997 Kevin Foley ndi Maurice Smith a ku America anabweretsa njira yolowetsa kapaipi pakati pa minofu m'malo moicheka.

Masiku ano dokotala amacheka bala la masentimita awiri kapena atatu, mwinanso locheperapo, n'kuyang'ana mkati ndi makina okuza zinthu kapena kakamera. Amasuntha mtsempha mosamala ndi kuchotsa kachidutswa kamene kakuupanikiza. Disiki yotsalayo amaisiya. Pa pepala lanu pangalembedwe kuti microdiscectomy kapena endoscopic discectomy. Ntchitoyi imatenga ola limodzi kapena awiri, ndipo ambiri amadzuka n'kuyenda tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Bala laling'ono limataya magazi ochepa ndipo limapola msanga. Koma musanamizike: khomo ndilo laling'ono, ntchito ya mkati ndi yaikulu ndithu. Bala lingathe kulowa tizilombo, kachikopa kokuta mitsempha kangathe kubooka, ndipo mwa apo ndi apo mtsempha umavulala. Mwa anthu 100 ochitidwa opaleshoniyi, pakati pa 5 ndi 15 disiki yomweyo imadzatulukanso. Dziwaninso kuti opaleshoniyi imathandiza kwambiri ululu wa mwendo kusiyana ndi wa msana weniweniwo, ndipo dzanzi limene lakhalitsa limachedwa kutha. Si matenda onse a msana amene amatheka ndi njira yocheka pang'ono. Dokotala wodziwa bwino njira imene akugwiritsa ntchito ndi wofunika kuposa kukula kwa bala.

Mafunso ofunsa dokotala

Ndi ufulu wanu kumvetsa musanasaine pepala lovomereza. Ngati Chingerezi chikukuvutani, pemphani kuti akufotokozereni m'Chishona kapena m'Chindebele, kapena tengani wachibale wokumasulirani. Funsani kuti:

- Adokotala, chimene chawonongeka n'chiyani, ndipo mukachotsa chiyani?
- Nanga ndikadikira miyezi ina iwiri chingachitike n'chiyani?
- Opaleshoni yotereyi mumaichita kawirikawiri?
- Ndalama zonse ndi zingati, kuphatikizapo za wogonetsa, bedi, mankhwala ndi mafizo?
- Ntchito yanga ndi yakutiyakuti, ndidzabwererako liti?

Ngati simunakhutire, kufunsa dokotala wachiwiri si mwano.

Za ntchito ndi ndalama

Konzani izi musanagonekedwe. Lamulo la ntchito la dziko lino, mu gawo 14, limapereka tchuthi cha matenda cha masiku ofika 90 pa chaka pa malipiro onse ngati muli ndi kalata ya dokotala, ndipo angathe kuwonjezera masiku ena 90 pa theka la malipiro. Perekani kalatayo ku ofesi ya antchito ndipo sungani kope lanu. Ngati muli pa medical aid, pezani chilolezo chawo cholembedwa tsiku la opaleshoni lisanafike.

Chipukuta misozi cha bungwe la NSSA ndi cha kuvulala kapena matenda obwera chifukwa cha ntchito. Bungweli lili ndi malo ophunzitsira ovulala kuyenda ndi kugwiranso ntchito ku Bulawayo. N'chifukwa chake msana ukakugwirani mukunyamula katundu pa shifiti muyenera kuuza kapitawo tsiku lomwelo kuti zilembedwe, ngakhale ululu ukhale wochepa. Ngati munavulalira pa mpira, nenani zoona, koma muuzenso dokotala ntchito imene mumagwira ndi zaka zimene mwaigwira. Inu amene mumakumba panokha kapena m'magulu ang'onoang'ono, kambiranani ndi anzanu ndi a ku bungwe lanu la maliro kapena ku mpingo ndi ku mzikiti za mmene banja lidyere pa miyezi iwiri kapena itatu imene simudzatsika pansi. Mutu umodzi susenza denga.

Kukonzekera thupi

Siyani fodya masabata osachepera anayi opaleshoni isanachitike. Mapapo amagwira bwino ntchito pamene mwagonetsedwa ndipo bala limapola msanga. Chepetsani mowa, ndipo muuze dokotala zoona za kuchuluka kwa umene mumamwa.

Tengani mankhwala anu onse m'mapaketi ake, kuphatikizapo a zitsamba ndi ogula pamsika. Mankhwala monga aspirin ndi warfarin amachedwetsa magazi kuundana. Dokotala ndiye anene tsiku lowasiya. Ma ARV ndi mankhwala a TB musasiye panokha. Kukhala ndi HIV sikuletsa opaleshoni. A shuga ndi a BP, onetsetsani kuti matendawa akhazikika.

Pa opaleshoniyi mumagonekedwa chafufumimba, choncho wogonetsa ayenera kudziwa za mapapo anu. Muuzeni zaka zimene mwagwira ntchito m'fumbi, ngati munadwalapo TB, ndiponso ngati mumabanika pokwera mtunda. Tengani chithunzi cha chifuwa chimene munajambulidwa ku ntchito ngati muli nacho.

Khungu la pamsana likhale lopanda mphini zatsopano, zithupsa kapena zilonda. Musadzimete nokha pamalopo. Pitirizani kuyenda tsiku lililonse mmene ululu ukulolera, ndipo idyani zakudya zomanga thupi monga nyemba, mazira, matemba ndi mtedza.

Kawirikawiri amakuuzani kuti musadye kanthu maola 6 opaleshoni isanayambe, ndi kusiya kumwa madzi kutatsala maola awiri. Tsatirani zimene chipatala chanu chanena. Sambani ndi sopo usiku ndi m'mawa mwake.

Kunyumba, ikani zinthu zimene mumagwiritsa ntchito pa tebulo kuti musamawerame. Pezani wokutungirani madzi ndi wokutemerani nkhuni. Ngati chimbudzi chanu n'chonjuta, konzani mpando woboola pakati. Kuchokera ku Harare kapena ku Bulawayo kufika ku Kwekwe ndi mtunda wopitirira makilomita 200. Musakwere kombi yodzaza tsiku lotuluka m'chipatala. Gonani kwa achibale masiku angapo, kapena pezani galimoto imene ingamaime kuti muziwongola miyendo.

Mukatuluka m'chipatala

Mankhwala aakulu ndi kuyenda. Yambani ndi mphindi 5 kapena 10 kangapo pa tsiku, n'kumawonjezera. Kuyenda kumatetezanso kuti magazi asaundane m'miyendo. Podzuka, tembenukirani cham'mbali thupi lonse pamodzi ngati chipika, tsitsani miyendo, kenaka dzikankheni ndi manja. Musakhale pampando kupitirira theka la ola osaimirira. M'masabata oyambirira pewani kunyamula zolemera, kuwerama kwambiri ndi kupotokola chiuno. Chidebe cha malita 20 ndi makilogalamu 20, chisiyireni ena.

Bala likhale louma ndi laukhondo. Musapakepo zitsamba, mafuta kapena phulusa. Bwererani ku chipatala msanga ngati thupi latentha, bala lafiira kapena likutuluka mafinya kapena madzi oyera, mutu ukupweteka kwambiri mukaimirira, katumba watupa, mukubanika, kapena chimodzi mwa zizindikiro zoopsa zija chaoneka.

Ambiri amayamba ntchito zopepuka pakati pa masabata awiri ndi anayi. Ntchito ya fosholo, jekihama kapena kuyendetsa makina pansi imadikira masabata 6 mpaka 12, dokotala atavomereza. Pemphani kalata yoti muyambire ntchito yopepuka ya pamtunda. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: mwendo ukasiya kupweteka sabata yoyamba amayesa achira, pamene ng'anjo ya pa disiki isanatsekeke. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kubwerera m'bwalo

Kaya munavulala kakolo, bondo kapena munachitidwa opaleshoni, bwererani mwa masitepe: kuyenda, kuthamanga pang'ono molunjika, kuthamanga mokhotakhota, kusewera ndi mpira panokha, kenaka mpira weniweni. Sitepe ikabweretsa ululu kapena kutupa mawa lake, bwererani pa imene munali. Pambuyo pa opaleshoni ya disiki, mpira wogundana umadikira miyezi itatu kapena kuposerapo, ndipo wamafizo kapena dokotala ndiye akumasuleni.

Musanayambe kusewera, tenthetsani thupi kwa mphindi 15 mpaka 20. Yenderani bwalo ndi kuchotsa miyala ndi magalasi. Musasewere mutangoweruka shifiti ya usiku kapena mutamwa mowa. Ku ntchito, nyamulani katundu pafupi ndi thupi, pindani mawondo, tembenukani ndi mapazi osati chiuno, ndipo itanani mnzanu katundu akalemera.

Ngati pali china chimene simunamvetse, tengani pepala lino popita ku kiliniki ya ku ntchito kapena ya kwanuko ndipo funsani anamwino. Muwerengereninso mnzanu amene satha kuwerenga.